Edward Mukuka Nkoloso: Mphunzitsi Amene Anafuna Kufikitsa Zambia ku Mars

Pa 4 March 1989 kunamwalira a Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi, msilikali wakale ndiponso womenyera ufulu wa dziko la Zambia. Boma linawaika m'manda mwaulemu waukulu. Komabe anthu ambiri, m'dziko muno ndi kunja komwe, amawakumbukira pa nkhani imodzi. M'caka ca 1964 iwo analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars maiko a America ndi Soviet Union asanatero.

Nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America zinawaseka kwambiri, ndipo kwa zaka zambiri dzina lao linkachulidwa ngati nthabwala cabe. Koma mbiri yao ikaikidwa pamodzi ndi mbiri ya zombo zimene zinapitadi ku Mars, zimaoneka kuti funso limene linawasowetsa tulo ndi lomwelo limene akatswiri a sayansi akali kulifufuza kufikira lero.

Ubwana ndi nkhondo

A Nkoloso, amene mabuku ena amalemba dzina lao lapakati kuti Makuka, anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko lino, panthawi imene linali kuchedwa Northern Rhodesia. Anali a mtundu wa Abemba ndipo anaphunzira pa sukulu ya amishoni.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, iwo analowa m'gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment. Gululi linatumizidwa kumalo akutali monga Somaliland, Abyssinia, Madagascar ndi Burma. A Nkoloso anafika pa udindo wa sajeni m'cigawo coona za mauthenga. Nchito imeneyi inali ya mawailesi, mawaya ndi mabatire, zipangizo zimene anthu akuda ocepa okha anali kuloledwa kuzigwira m'masiku amenewo.

Nkhondo itatha mu 1945, asilikali acikuda anabwerera kwao ndi ciyembekezo cakuti boma la atsamunda lidzawayamikira. Anapeza kuti tsankho linali cikhalire. Munthu amene anamenyera ufumu wa Britain anali kugulabe katundu kudzera pa zenera m'masitolo ena a m'tauni, pamene mzungu anali kulowa pakhomo.

A Nkoloso anagwirako nchito yomasulira zinenero m'boma, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi. Anatsegula sukulu yaoyao, koma akuluakulu a boma la atsamunda anaitseka. Zimenezi zinawakankhira m'ndale.

Ndende ndi ndale

Mu 1953 boma la Britain linakhazikitsa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ngakhale kuti anthu akuda a maiko atatuwo anacikana. A Nkoloso anali m'gulu la otsutsa citaganyaco, ndipo anamangidwa mu 1956 ndiponso mu 1957. M'caka caciwirico anali ku Luwingu, m'cigawo ca kumpoto, kumene analimbikitsa anthu kukana malamulo a atsamunda. Anasakidwa, kugwidwa ndi kuzunzidwa koopsa.

Caka comweco ca 1957, pa 4 October, dziko la Soviet Union linaponya m'mlengalenga Sputnik 1, setilaiti yoyamba yopangidwa ndi munthu. Mpikisano wa maiko awiri amphamvu unayambira pamenepo. Pa 12 April 1961 a Yuri Gagarin anazungulira dziko lapansi, ndipo mwezi wotsatira mtsogoleri wa America a John Kennedy analonjeza kufikitsa munthu ku mwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe. Mu June 1963 a Valentina Tereshkova anakhala mkazi woyamba kupita m'mlengalenga.

Nkhani zonsezi zinali kumveka pa mawailesi m'makomboni a Lusaka ndi ku migodi, panthawi imodzimodzi ndi nkhani za kumangidwa kwa atsogoleri ndi zipolowe za Cha Cha Cha za mu 1961. A Nkoloso anali atalowa cipani ca United National Independence Party, UNIP, cotsogoleredwa ndi a Kenneth Kaunda, ndipo anapatsidwa udindo woona za citetezo. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe limene analicha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Dzina lakuti Zambia analiika pa bungwelo kutatsala zaka zinai kuti dzikolo libadwe.

Sukulu ya pa famu

Likulu la bungweli linali pa famu ina yosiyidwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 11 kucokera mu mzinda wa Lusaka. Kumeneko a Nkoloso anasonkhanitsa acinyamata khumi ndi awiri, amene anawacha ma Afronaut. Odziwika kwambiri pakati pao anali Godfrey Mwango, wa zaka 21, amene anasankhidwa kuti adzapite ku mwezi, ndi mtsikana Matha Mwambwa, amene anayenera kupita ku Mars pamodzi ndi amphaka awiri ndi mmishonale mmodzi. Mmishonaleyo analangizidwa kuti asakakakamize anthu a ku Mars kulowa Cikhristu ngati iwo sakufuna.

Maphunziro ake ndi amene anakopa atolankhani. Wophunzira anali kulowa m'diramu la mafuta, anzake nalikunkhuniza pa citunda kuti azolowere kugwedezeka ndi kuzungulira kwa combo. Analinso kukwera katungwe, ndipo akafika pamwamba penipeni cingwe cinali kudulidwa kuti amve mmene thupi limapepukira. Anaphunzitsidwanso kuyenda ndi manja, miyendo ili m'mwamba. A Nkoloso eni ake anali kuyang'anira zonsezi atavala cisoti cacitsulo ca usilikali ndi cinsalu ca pamapewa.

Ngakhale zipangizozo zinali zoseketsa, ganizo la katungwe linali ndi mutu wake. Munthu amapepukadi thupi pamene akugwa popanda comuchinga. Oyenda m'mlengalenga a ku America ndi ku Soviet Union anali kuphunzira zomwezo m'ndeke imene inali kukwera ndi kutsika mwadzidzidzi, ndipo anali kuyandama kwa masekondi pafupifupi 25 ulendo uliwonse. Iwonso anali kuzunguzidwa m'makina aakulu kuti matupi ao azolowere. Kusiyana kwake kunali kwa makina, ndalama ndi akatswiri oyeza zotsatira.

Pa nkhani ya roketi, mpata unali waukulu zedi. Combo ca a Nkoloso, cochedwa D-Kalu 1 polemekeza a Kaunda, cinali cooneka ngati mgolo, ca mamita pafupifupi atatu m'litali ndi awiri m'mimba mwake, copangidwa ndi aluminiyamu ndi mkuwa. Kuti cinthu cithawe mphamvu yokoka ya dziko lapansi cimafunika liwiro la makilomita 11.2 pa sekondi imodzi, kapena kuti pafupifupi makilomita 40,000 pa ola. Roketi ya Saturn V, imene inanyamula anthu kupita ku mwezi mu 1969, inali yotalika mamita 110 ndipo inali kulemera matani pafupifupi 3,000.

A Nkoloso anafuna kuti combo cao cinyamuke pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, kucokera pa bwalo la Independence Stadium pafupi ndi Matero. Malinga ndi zimene iwo analemba, komiti yokonza cikondwereroco inakana poopa kuti alendo angacite mantha. Anapemphanso bungwe la UNESCO ndalama zokwana mapaundi 7 miliyoni, koma sanalandire kanthu. Boma latsopano la Zambia silinaitenge nchitoyo kukhala yake.

Magazini ya Time inachula za iwo m'nkhani yake yonena za ufulu wa Zambia. Wailesi ya kanema ya ITN ya ku Britain inawajambula, ndipo mtolankhani Arthur Hoppe wa nyuzipepala ya San Francisco Chronicle anabwera kudzaceza nao. Panthawiyo dziko lonse la Zambia linali ndi nzika zacikuda pafupifupi 100 cabe zimene zinali ndi digiri, ndipo linalibe yunivesite. Posakhalitsa ophunzira aja anabalalika, Matha anabwerera kwa makolo ake, ndipo sukulu ya pa famu inatha.

Kodi ku Mars kuli anthu?

Cimene cinaseketsa anthu koposa ndi zimene a Nkoloso ananena zakuti anali atayang'ana Mars ndi makina oonera zakutali ndipo anatsimikiza kuti kumeneko kuli anthu. Lero tikudziwa kuti izi si zoona. Koma ganizo limeneli silinayambe ndi iwo.

Mu 1877 katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, Giovanni Schiaparelli, anajambula mapu a Mars okhala ndi mizere yowongoka. Munthu wina wolemera wa ku America, Percival Lowell, anamanga nyumba yoonera nyenyezi ku Flagstaff, m'cigawo ca Arizona, mu 1894. Iye analemba mabuku ofotokoza kuti mizereyo inali ngalande zokumbidwa ndi zolengedwa zanzeru pofuna kutunga madzi kucokera kumapeto ozizira a dzikolo. Akatswiri ambiri anamutsutsa, koma anthu wamba ku Ulaya ndi ku America anakhulupirira zimenezi kwa zaka zambiri.

Ngakhale kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, panali akatswiri amene anali kuganiza kuti madera akuda a pa Mars, amene amasintha maonekedwe malinga ndi nyengo, angakhale zomera. Cifukwa ca kusadziwaku cinali mtunda. Mwezi uli pa makilomita pafupifupi 384,000 kucokera kuno, koma Mars, ngakhale atayandikira kwambiri, amakhala pa makilomita oposa 55 miliyoni. Kuonjezera apo, mpweya wa dziko lathu umagwedeza kuwala, kotero kuti ngakhale makina aakulu anali kungoonetsa kampira kofiirira kokhala ndi mawanga. Panalibe munthu, wolemera kapena wosauka, amene anali ataona nthaka ya Mars pafupi.

Yankho la Mariner 4

Yankho linanyamuka patangopita milungu isanu Zambia italandira ufulu. Pa 28 November 1964 bungwe la NASA la ku America linaponya combo copanda munthu cochedwa Mariner 4. Cinzake, Mariner 3, cinali citalephera kuciyambi kwa mwezi womwewo. Combo ca Soviet Union cochedwa Zond 2, cimene cinanyamuka pa 30 November, cinaleka kutumiza mauthenga cisanafike. Ulendo wa ku Mars unali kugonjetsa ngakhale maiko olemera.

Mariner 4 inayenda miyezi isanu ndi iwiri ndi theka. Pa 14 ndi 15 July 1965 inadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 9,800 kucokera pa nthaka ya Mars ndi kujambula zithunzi zathunthu 21. Uthenga wake unali kuyenda pang'onopang'ono, moti cithunzi cimodzi cinali kutenga maola oposa asanu ndi atatu kuti cilandiridwe conse. Imodzi mwa milongoti imene inalandira zithunzizo inali kuno kum'mwera kwa Africa, pa Hartebeesthoek, pafupi ndi Johannesburg.

Zithunzizo zinakhumudwitsa ambiri. Munalibe ngalande, munalibe minda, munalibe midzi. Munali maenje akuluakulu okumbidwa ndi miyala yogwa kucokera m'mlengalenga, monga a pa mwezi. Combo cija cinayezanso mpweya wa Mars ndi kupeza kuti ndi wocepa kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya wa dziko lapansi. Pamalo otero madzi sangakhalitse pamtunda, ndipo munthu sangapume. Maloto a Lowell ndi a Nkoloso anathera pa zithunzi zomwezo.

Ulendo wa Mariner 4 unadya madola pafupifupi 83 miliyoni. Mapaundi 7 miliyoni amene a Nkoloso anapempha anali ofanana ndi madola osakwana 20 miliyoni panthawiyo. Conco ndalama imene dziko linaiyesa yamisala sinali yokwanira ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai a mtengo wotumizira kamera imodzi kukadutsa pa Mars.

Komatu nkhani sinathere pamenepo, pakuti Mariner 4 inaona kadera kakang'ono cabe, pafupifupi gawo limodzi pa 100 a nthaka yonse. Mu 1971 Mariner 9 inayamba kuzungulira Mars ndipo inaonetsa phiri lalikulu la Olympus Mons, lotalika makilomita oposa 20, cigwa ca Valles Marineris ca makilomita pafupifupi 4,000, ndiponso makwawa ouma ooneka ngati munadutsa madzi. Pa 20 July 1976 combo ca Viking 1 cinatera pa nthaka ndi kuyeza dothi, koma sicinapeze umboni wogwirika wa zamoyo. Zonsezi zinacitika a Nkoloso akali moyo.

Zaka zotsiriza

Sukulu ya zam'mlengalenga itatha, a Nkoloso anapitiriza kutumikira dziko. Anapikisanako pa mpando wa meya wa mzinda wa Lusaka koma sanapambane. A Kaunda anawasankha kukhala nthumwi yao ku Liberation Centre mu Lusaka, malo amene anali kusunga maofesi a zipani zomenyera ufulu za maiko oyandikana nafe, monga ANC ya ku South Africa, SWAPO ya ku Namibia, ZAPU ndi ZANU za ku Zimbabwe, FRELIMO ya ku Mozambique ndi MPLA ya ku Angola. Inali nchito yoopsa, pakuti maboma a azungu a kum'mwera anali kulondalonda omenyera ufuluwo. Udindo wotere sukanapatsidwa kwa munthu amene boma linali kumuyesa wozungulira mutu.

Anatsogoleranso bungwe la asilikali akale ku Ndola ndipo anapatsidwa udindo waulemu wa Colonel. Dziko la Soviet Union linawapatsa mendulo yokumbukira zaka 40 za kutha kwa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse.

Atakalamba anabwerera m'kalasi. Mu 1983, ali ndi zaka pafupifupi 64, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Yunivesiteyi, imene inatsegulidwa mu 1966, ili m'mbali mwa mseu wa Great East, kufupi ndi makomboni a Ng'ombe ndi Kalingalinga. Patapita zaka zisanu ndi cimodzi iwo anamwalira.

Anali kunena zoona kapena anali kuseka?

Anthu amene afufuza mbiri ya a Nkoloso sagwirizana pa tanthauzo la zimene anacita mu 1964. Ena amati anali kukhulupiriradi kuti adzafika ku mwezi. Ena amati maphunziro a pa famu aja anali okhudzana ndi kukonzekeretsa acinyamata a cipani pa nchito ya ufulu.

Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, analemba za iwo m'magazini ya The New Yorker mu 2017, ndipo anafunsa ngati a Nkoloso sanali kuseka atsamunda mocenjera. Munthu amene anakulira pansi pa amishoni ndi ma DC anali kulonjeza kupita kudziko la eni ake, kucha okhalamo anthu osatsungula, ndi kutenga mmishonale wolangizidwa kusakakamiza cipembedzo. Amene anali kuseka mwina sanazindikire kuti nkhaniyo inali kunena za iwo omwe.

Serpell anawaikanso m'buku lake la The Old Drift la mu 2019. Wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la The Afronauts mu 2012, ndipo Nuotama Frances Bodomo wa ku Ghana anapanga filimu yaifupi ya Afronauts mu 2014. Mau akuti Afronaut, amene poyamba anali oseketsa, tsopano amagwiritsidwa nchito monyadira ndi olemba, oimba ndi ojambula acikuda.

Zimene zacitika m'mbuyo mwao

Zina mwa zimene a Nkoloso analakalaka zinacitika m'njira zina. Pa 12 December 1970, tsiku lokumbukira ufulu wa Kenya, setilaiti ya NASA inanyamuka pa nsanja ya panyanja ya San Marco pafupi ndi Malindi. Inachedwa Uhuru, mau a Ciswahili otanthauza ufulu, ndipo inali setilaiti yoyamba yopangidwira kufufuza kuwala kwa X-ray kocokera ku nyenyezi. Mu 1974 Zambia inatsegula siteshoni ya Mwembeshi yolumikizana ndi masetilaiti, kumadzulo kwa Lusaka.

Pa 21 June 2001 kadamsana wathunthu anadetsa mzinda wa Lusaka masana kwa mphindi zoposa zitatu. Akatswiri ndi alendo ocokera kumaiko ambiri anabwera ndi makina ao, ndipo anthu a ku Ng'ombe, Kanyama, Chawama, George ndi Mtendere anaona ndi maso ao cimene ena anaulukira makilomita zikwizikwi kudzaona.

Mu 2012 kunalengezedwa kuti mbali yaikulu ya Square Kilometre Array, makina aakulu omvetsera mafunde a wailesi ocokera kuthambo, idzamangidwa ku South Africa, ndipo Zambia inali limodzi mwa maiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana nao pa nchitoyi. Mu 2014 Copperbelt University inasankhidwa kusunga ofesi ya kum'mwera kwa Africa yolimbikitsa citukuko kudzera m'maphunziro a zakuthambo. Ghana inatumiza setilaiti yake yoyamba mu 2017, Kenya mu 2018, Zimbabwe mu 2022 ndi Botswana mu 2025. Mu April 2025 bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo.

Kuseka maiko osauka pa nkhani zotere sikunathe msanga. Mu 2014, combo ca India cochedwa Mangalyaan citafika ku Mars pa mtengo wa madola pafupifupi 74 miliyoni, nyuzipepala ya The New York Times inasindikiza cithunzi coseketsa ca mlimi wokoka ng'ombe akugogoda pakhomo la akatswiri a zam'mlengalenga. Anthu atadandaula, nyuzipepalayo inapepesa.

Ku Mars nako kafukufuku anapitirira. Galimoto yofufuzira ya Curiosity, imene inatera mu 2012, inapeza umboni wakuti m'cigwa ca Gale munali nyanja zaka mabiliyoni zapitazo. Ina yochedwa Perseverance inatera m'cigwa ca Jezero pa 18 February 2021 ndi kuyamba kutola miyala. Mu September 2025 NASA inalengeza kuti mwala wina wa kumeneko uli ndi zizindikiro zimene mwina zinasiyidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono takalekale, koma inacenjeza kuti zizindikirozo zikhozanso kubwera popanda zamoyo.

Motero anthu amene a Nkoloso anayembekezera kukumana nao kulibe, koma funso lakuti kaya ku Mars kunakhalako moyo likali lotseguka. Mbiri yao ikuonetsa kuti mafunso otere amayankhidwa ndi makina, ndalama ndi anthu ophunzira, zinthu zitatu zimene Zambia ya 1964 inalibe. Cidwi cokha ndico cinalipo, ndipo mwini wake anacisunga kufikira kukatenga digiri ali nkhalamba.

Pakapita miyezi pafupifupi 26 iliyonse, Mars amayandikira dziko lapansi ndipo amaoneka usiku wonse ngati nyenyezi yowala yofiirira. Safuna makina kuti aoneke. Mwana wa sukulu wa ku Ng'ombe kapena ku Matero akhoza kumuloza ali pabwalo la nyumba, makamaka magetsi akazima, monga mmene a Edward Mukuka Nkoloso anamulozera zaka zoposa 60 zapitazo.